Kodi Ndani Anagulitsa Kavaloyo?

MU 2001 nyuzipepala ya ku Zimbabwe yotchedwa The Daily News inayamba kusindikiza, chigawo ndi chigawo, nthano yonena za ziŵeto za pafamu. Nthanoyo sinali yatsopano ayi. Inalembedwa ku England mkati mwa Nkhondo Yadziko II, ndipo mlembi wake, George Orwell, anamwalira mu 1950. Poilemba, iye anali kuganiza za Soviet Union ya Joseph Stalin, dziko lozizira lotalikirana kwambiri ndi Kwekwe, Shurugwi, kapena Zvishavane. Komabe, oŵerenga a ku Zimbabwe sanafune munthu wowamasulira tanthauzo lake. Wojambula zithunzithunzi anangoiveka mandala ochindikala nkhumba yolamulira ya m'nthanoyo, ndipo aliyense anadziŵa mwini mandalawo. Kuchita zimenezo kunafuna kulimba mtima, pakuti mu January chaka chomwecho makina osindikizira nyuzipepalayo anali ataphulitsidwa ndi bomba usiku.

Mabuku onena za anthu amene anakhulupirira Chikomyunizimu ndi mtima wonse nagwiritsidwa mwala pambuyo pake ngambiri. Kaŵirikaŵiri anthu amawaŵerenga monga mlandu wogamulidwa kale, umene wopalamula wake ali mmodzi, wolamulira wankhanza. Koma woŵerenga mofatsa amapezamo funso lovutirapo, limene limakhudza ngakhale munthu amene sanaloŵepo chipani chilichonse. Pamene munthu wokhulupirika aperekedwa, kodi liwongo lili pa amene anamgulitsa yekha? Nanga bwanji za amene anaona zonse zikuchitika nakhala chete?

Kavalo Amene Sanadziŵe Kuŵerenga

Buku la Orwell limenelo, Animal Farm, linatuluka mu August 1945. Limasimba za ziŵeto zimene zinapitikitsa mwini famu, chidakwa chosasamala, ndi kupangana kuti kuyambira tsikulo zidzadya thukuta lawo. Zinalemba malamulo asanu ndi aŵiri pakhoma la khola lalikulu. Nkhumba, pokhala zochenjera koposa, zinatenga utsogoleri. Chinyengo choyamba chinali chaching'ono kwambiri. Mkaka ndi maapulo zinayamba kupita kwa nkhumba zokha, ndipo nkhumba ya pakamwa poterera yotchedwa Squealer inalongosola kuti atsogoleri afunikira chakudya chapadera kuti aziganizira bwino ubwino wa onse. Ziŵeto zina zinang'ung'udza pang'ono, nkhani nkuthera pomwepo. M'kupita kwa nthaŵi malamulo a pakhoma aja anayamba kusintha usiku. Mawu aŵiri kapena atatu anali kuwonjezedwa kumapeto, kufikira chimene chinali choletsedwa dzulo chinakhala chololedwa lero.

Pafamupo panali kavalo wamphamvu wotchedwa Boxer. Iye anali kulaŵirira anzake onse ali m'tulo kukakoka miyala yomangira chigayo choyendera mphepo. Pavuto lililonse anali ndi mayankho aŵiri okha, kuwonjezera khama pantchito ndi kukhulupirira kuti mtsogoleri sangalakwe. Pophunzira kuŵerenga analekezera pa zilembo zinayi zoyambirira. Anali atalonjezedwa kuti akadzakalamba adzapuma pa msipu wopatulidwira okalamba. Tsiku lina anagwa ali pantchito. Atsogoleri analengeza kuti akumtumiza kuchipatala, ndipo ngolo itafika ziŵeto zinasonkhana kudzatsazikana naye. Pamenepo bulu wokalamba wotchedwa Benjamin anaŵerenga mofuula zolembedwa m'mbali mwa ngoloyo. Inali ya munthu wopha akavalo ndi kuphika mafupa awo. Boxer anayesa kuswa ngoloyo ndi ziboda, koma nyonga zake zinali zitathera pamiyala ija. Patapita masiku atatu Squealer analengeza, akupukuta misozi, kuti kavaloyo anafera m'chipatala akutamanda mtsogoleri. Posapita nthaŵi nkhumbazo zinapeza ndalama zogulira bokosi la moŵa wa wisiki.

Tsopano talingalirani za bulu uja. Benjamin anali kudziŵa kuŵerenga mofanana ndi nkhumba iliyonse. Anaona malamulo akusinthidwa ndipo sananyengedwe ngakhale tsiku limodzi. Koma anakana kuloŵerera, akumalingalira kuti moyo ngwoŵaŵa nthaŵi zonse, kaya alamulire ndani. Anamkonda Boxer zedi. Chikhalirechobe, anafuula tsiku limodzi lokha, ngolo itatsala pang'ono kunyamuka. Chotero kugulitsidwa kwa kavaloyo kunafuna atatu: wolandira ndalama, wokometsera bodza, ndi wodziŵa zonse koma wosalankhula.

Awo Amene Anadziŵa

Orwell sanali mdani wa anthu apantchito. Mu 1936 analoŵa m'migodi ya malasha kumpoto kwa England, akumayenda choŵerama mtunda wautali pansi pa nthaka kuti aone yekha mmene amuna amakumbira malasha, ndipo analemba zimene anaona m'buku lakuti The Road to Wigan Pier. Kumapeto kwa chaka chomwecho anapita ku Spain kukamenyana ndi magulu ankhondo a Franco, ndipo mu May 1937 analasidwa chipolopolo pakhosi. Asanachire nkomwe, Akomyunizimu omvera Moscow anayamba kusaka anzake a m'gulu limene iye anali kumenyera nkhondo, akumawatcha azondi a Franco. Mtsogoleri wa gululo, Andrés Nin, anagwidwa ndi kuphedwa. Orwell anathaŵa. Atalemba nthano yake, ofalitsa mabuku angapo a ku London anaikana, popeza kuti panthaŵiyo Stalin anali mnzawo pankhondo yolimbana ndi Hitler. Ofalitsa mabukuwo anali odziŵa kuŵerenga kwambiri.

Arthur Koestler, wobadwira ku Hungary, anaona zinthu ali mkati. Analoŵa chipani cha Chikomyunizimu ku Germany mu 1931 natulukamo mu 1938, nthaŵi imene ku Moscow kunali kuzengedwa milandu yozizwitsa. Amuna amene anathandiza Lenin kulanda boma mu 1917 anali kuimirira m'khoti, kuvomera poyera milandu ya uzondi ndi chiwembu imene sanapalamule, ndiyeno kuwomberedwa. Mmodzi wa iwo anali Nikolai Bukharin, amene anaphedwa mu March 1938. Kodi nchifukwa ninji munthu angadzinamizire yekha motero?

Buku la Koestler la mu 1940, Darkness at Noon, limayankha mwa kutiloŵetsa m'ndende pamodzi ndi Rubashov, mkulu wa chipani amene tsopano wagwidwa. Ali m'chipinda chakecho iye akukumbukira anthu amene anawapereka. Mmodzi anali mtsogoleri wa antchito a padoko ku Belgium. Chipani chinali chitauza antchitowo kukana kukhudza katundu wopita kudziko lina limene linali kuukira anzake. Ndiyeno zombo za dziko la chipanicho zinafika zitanyamula katundu wopita kudziko lomwelo, ndipo Rubashov ndiye anatumidwa kukawauza kuti autsitse. Mtsogoleri wa padoko uja atakana, anachotsedwa m'chipani ndi kutchedwa kazitape, ndipo anadzimangirira. Winanso anali mlembi wamkazi wa Rubashov, amene iye anamkana kuti adzipulumutse. Panthaŵi zonsezo Rubashov anadzitonthoza ndi chiphunzitso chimodzi, chakuti chipani sichilakwa, kuti munthu mmodzi sali kanthu, ndi kuti mapeto abwino amayeretsa njira iliyonse. Nthaŵi yake itakwana, analibe poponda. Kodi akanadandaula motani za lamulo limene iye mwini anaphera nalo ena? Anasaina.

Mkazi wina amene anakulira ku Southern Rhodesia anafika pamfundo yofananayo kudzera njira ina. Doris Lessing analoŵa kagulu ka Akomyunizimu ku Salisbury mkati mwa Nkhondo Yadziko II, nasamukira ku London mu 1949. Mu 1956 boma la atsamunda linamletsa kuloŵanso m'dzikolo, ndipo chaka chomwecho anatuluka m'chipani, pamene Khrushchev anaulula nkhanza za Stalin ndi pamene akasinja a Soviet Union analoŵa mu Hungary. Buku lake la mu 1958, A Ripple from the Storm, limasonyeza kagulu ka Azungu oŵerengeka kakuchezera usiku wonse kukangana za malamulo a msonkhano ndi za amene wapatuka pa chiphunzitso, m'dzina la antchito akuda amene iwo sanali kuwadziŵa kwenikweni. Munthu angaseke poŵerenga. Koma Lessing atakalamba anabwerera kangapo ku funso losaseketsa konse, lakuti zinatheka bwanji kuti anthu anzeru ndi a mtima wabwino akane kwa zaka zambiri kukhulupirira malipoti onena za misasa ya Stalin.

Mu 1949 olemba asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Koestler, Richard Wright, ndi André Gide, anasimba za kugwiritsidwa mwala kwawo m'buku limodzi lotchedwa The God That Failed, kutanthauza mulungu amene analephera. Dzinalo nlowayenerera, pakuti chimene anataya chinali ngati chipembedzo. Koma pali chinthu chimene tiyenera kuona. Anthu ameneŵa atataya chikhulupiriro chawo anatsala ndi cholembera m'manja, ndipo ena a iwo anatchuka chifukwa cha kulapa kwawoko. Kavalo satsala ndi kanthu, ndipo salemba buku.

M'makomboni a ku Midlands

Pakati pa Zimbabwe pali matauni amene anamera pamigodi. Ku Que Que, kumene tsopano ndi Kwekwe, kunali golidi wa Globe and Phoenix. Ku Selukwe, tsopano Shurugwi, kunali chrome. Ku Shabani, tsopano Zvishavane, kunali asbestos, ndipo ku Redcliff kunali ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ambiri amene anakumba miyala imeneyi anachokera kumpoto kwa Zambezi, ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia, ndi ku Tete. Ena anayenda pansi milungu yathunthu, ena anakwera malole a Ulere, ndipo ena anachita kulembedwa ndi Mthandizi. Ananyamuka ndi cholinga chokapeza ndalama ya msonkho, njinga, kapena makina osokera, ndi kubwerera. Ambiri sanabwerere. Kwawo anawatcha matchona, pamene kumene anafikako anawatcha mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. Ana awo anabadwira m'komboni, namva Chicheŵa m'nyumba ndi Chishona kapena Chindebele panja, naonera gule wamkulu pabwalo la mgodi Lamlungu masana.

Panopa tiyenera kunena kuti fanizo la Orwell lili ndi malire ake, ndipo pambali imeneyi limawalakwira anthu apantchito. Amuna a m'migodi sanali ogona ngati Boxer. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anagwirapo ntchito pamgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe lalikulu la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1927 antchito pafupifupi 3,500 pamgodi womwewo ananyanyala ntchito, otsogolera awo ali amuna a ku Nyasaland. Anthu ameneŵa anali kudziŵa kuŵerengera malipiro awo ndi kuzindikira pamene akuberedwa. Chimene anafanana ndi kavalo uja chinali china: nyonga yawo ndiyo inali chuma chawo chonse, ndipo ikatha analibe kwina kopita.

Ufulu unafika pa April 18, 1980, ndi chipani chimene chinadzitcha cha Marx ndi Lenin. Atsogoleri anali kuitanana ndi liwu lakuti comrade, ndipo ananena kuti dziko tsopano lili la antchito ndi alimi. Kungakhale kunama kunena kuti lonjezolo linali lopanda kanthu. Boma linaika malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito sanayenere kutsika pansi pake. Zipatala zinamangidwa kumidzi. Ana a m'sukulu za pulaimale, amene sanafike 1 miliyoni mu 1979, anapitirira 2 miliyoni pofika 1985. Mwana wa mtchona anatha kukhala mphunzitsi kapena namwino. Ndithudi, munthu sagwiritsidwa mwala ndi amene sanampatsepo kanthu.

Komabe, mkaka ndi maapulo zinayamba kusoŵa msanga. M'miyezi yoyambirira ya ufulu antchito ambiri m'migodi ndi m'mafakitale ananyanyala ntchito, akumaganiza kuti boma latsopano lili kumbali yawo. Anauzidwa kubwerera kuntchito ndi kudekha, ndipo m'malo ena apolisi anatumizidwa. Pamene bungwe logwirizanitsa mabungwe a antchito, ZCTU, linakhazikitsidwa mu 1981, mlembi wake wamkulu anali Albert Mugabe, mbale wake wa nduna yaikulu. Migodi yambiri inakhalabe m'manja mwa makampani akale omwewo, Union Carbide ku Shurugwi, Turner and Newall ku Zvishavane. Zimbabwe sanakhale konse dziko la Chikomyunizimu monga Soviet Union kapena China. Anangotengako mawu ake, pamodzi ndi chiphunzitso chija cha Rubashov chakuti chipani sichilakwa.

Malamulo a Pakhoma

Mu 1984 chipani cholamula chinadzilembera malamulo akeake a utsogoleri. Mtsogoleri sanayenere kukhala ndi bizinesi, kuchititsa lendi nyumba, kulandira malipiro aŵiri, kapena kukhala ndi munda woposa maekala 50. Patangopita zaka zinayi, mu 1988, nyuzipepala ya ku Bulawayo ya Chronicle, mkonzi wake ali Geoffrey Nyarota, inaulula kuti nduna zinali kugula galimoto zatsopano pafakitale ya Willowvale pamtengo wotsika woikidwa ndi boma ndi kuzigulitsanso pamtengo wokwera kwambiri. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Woweruza Wilson Sandura linakhala pansi, ndipo nduna zingapo zinatula pansi udindo. Nduna ina imene khoti linaipeza ndi mlandu wa kunama inakhululukidwa ndi pulezidenti. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene anachotsedwa pampando wake anali mkonzi uja, pansi pa dzina lakuti wakwezedwa pantchito.

Mmodzi wa otchulidwa pamlanduwo anali Maurice Nyagumbo, mwamuna amene anakhala zaka pafupifupi 20 m'ndende za atsamunda chifukwa cha ufulu wa dziko lake. Mu April 1989 anamwa poizoni. Nkovuta kuganiza za imfa imeneyi popanda kukumbukira buku la Koestler. Munthu amene ndende inamlephera anagonjetsedwa ndi nkhani ya galimoto, ndipo akuoneka kuti anali mmodzi wa oŵerengeka amene anali akali ndi manyazi.

Khoma la Berlin linagwa chaka chomwecho. Pofika 1991 chipani chinali chitasiya kutchula Marx ndi Lenin, ndipo boma linayamba dongosolo la zachuma la ESAP, lovomerezedwa ndi World Bank ndi IMF. Zolipira kusukulu ndi kuchipatala zinabwereranso, ndipo antchito zikwi zambiri anachotsedwa ntchito. Atsogoleri anali omwewo, akumaitanabe anzawo kuti comrade.

Kodi Wogulitsa Ndani?

Olemba aŵiri obadwira ku Midlands anaona zimenezi msanga. Shimmer Chinodya, wobadwira ku Gweru mu 1957, anatulutsa Harvest of Thorns mu 1989. Ngwazi yake, Benjamin Tichafa, anali kunyozedwa ndi anzake paubwana kuti ngwogulitsa, chifukwa makolo ake anali m'tchalitchi chokana ndale. Atapita kunkhondo anadzipatsa dzina lakuti Pasi NemaSellout, kutanthauza kuti ogulitsa atheretu. Nkhondo itatha anabwerera kwawo wopanda maphunziro ndi wopanda ntchito, napeza kuti dziko limene analimenyera silinali kumdikira. Chenjerai Hove, wobadwira ku Mazvihwa pafupi ndi Zvishavane mu 1956, analemba Bones, limene linapata mphotho ya Noma mu 1989. Limanena za Marita, mkazi wogwira ntchito pafamu ya Mzungu, amene akupita kumzinda kukafunafuna mwana wake amene analoŵa m'nkhondo, ndipo akufera komweko popanda womlira wa m'boma. Pamndandanda wa ngwazi za dziko palibe dzina la mkazi wotero.

Mabuku ameneŵa amasonyeza chinthu chimene Orwell anachionanso ku Spain. Liwu lakuti wogulitsa, mutengesi m'Chishona, limakhala m'manja mwa wamphamvu, ndipo amalozera nalo aliyense amene wafunsa funso. Mu August 1981 alangizi ankhondo oposa 100 ochokera ku North Korea anafika kudzaphunzitsa gulu la asilikali lotchedwa Fifth Brigade. Kuyambira January 1983 gululo linatumizidwa ku Matabeleland kukasaka zigaŵenga. Zigaŵengazo zinalipodi, koma zinali zoŵerengeka, ndipo amene anafa mwaunyinji anali anthu wamba a m'midzi. Chiwawacho chinafika ndi ku Midlands, m'madera onga Silobela, kumene amuna anatengedwa usiku osaonekanso. Chiŵerengero cha akufa chimene chimatchulidwa kaŵirikaŵiri ndi 20,000. Ntchitoyo inatchedwa Gukurahundi, dzina la mvula yoyamba yokokolola mankhusu. Onani mmene dzinalo limagwirira ntchito. Munthu akatchedwa mankhusu, kumkokolola sikumvekanso ngati kupha. Imeneyo ndiyo ntchito ya Squealer.

Msipu Wolonjezedwa Uja

Nanga okalamba a m'migodi anapuma pa msipu wotani? Kampani ya boma yopanga zitsulo ya ZISCO ku Redcliff, imene panthaŵi ina inali ndi antchito oposa 5,000, inazimitsa ng'anjo zake mu 2008. Migodi ya asbestos ya ku Zvishavane inatengedwa ndi boma mu 2004 kuti akuti aikonzenso, ndipo m'zaka zoŵerengeka inaleka kugwira ntchito, antchito akumakhala zaka popanda malipiro. Zina za nyumba za mgodiwo pambuyo pake zinasanduka makalasi a Midlands State University. Kutsika mphamvu kwa ndalama kwa mu 2008 kunafika poti mu January 2009 boma linatulutsa ndalama imodzi yapepala ya madola 100 thiriliyoni. Penshoni imene munthu anaisonkhera zaka 30 akupuma fumbi la pansi pa nthaka inalephera kugula thumba la ufa. Wokhala ndi mudzi wake anabwerera kumudzi kukalima. Mwana wa mtchona ku Torwood kapena ku Maglas analibe mudzi. Mudzi wake unali komboni.

Liwongo la Bulu

Tibwerere tsopano ku funso lathu. Palibe amene angakayikire za liwongo la wolandira ndalama ndi la wokometsera bodza. Ena amaimbanso mlandu kavaloyo, akumati anadzigulitsa yekha ndi kukhulupirira kwake kwakhungu. Muli choonadi pang'ono mmenemo. Kukhulupirika nkwabwino kapena koipa malinga ndi chimene munthu wakupereka, ndipo amene anena kuti munthu mnzake sangalakwe wapereka chikumbumtima chake kwa wina kuti amsungire. Khama la Boxer ndilo linamanga ulamuliro umene unamupha. Komabe, thayo la munthu limalingana ndi zimene anadziŵa ndi zimene akanatha kuchita. Wodziŵa zilembo zinayi sangaŵerengeredwe mofanana ndi wodziŵa kuŵerenga khoma lonse.

Wina angateteze buluyo ndi kunena kuti anali kuopa. Manthawo sali nkhani yopeputsa. Nyarota anagwidwa kangapo, ndipo The Daily News inatsekedwa mu September 2003. Hove anachoka m'dziko mu 2001 nafera ku Norway mu July 2015. Palibe munthu wokhala pamtendere amene ali ndi ufulu wa kunyoza mayi wa ku Silobela amene anatseka pakamwa kuti ana ake akhale ndi moyo. Koma kukhala chete kwa Benjamin sikunayambe ndi mantha. Kunayamba tsiku la mkaka ndi maapulo, agalu olusa a mtsogoleri ali ana oyamwa, pamene kufunsa funso kunalibe mtengo. Iye sanalankhule chifukwa anadziona kukhala wanzeru kwambiri moti sangadabwe ndi kanthu. Mtengo wa kulankhula umakwera chaka ndi chaka, ndipo amene amaukweza ndi awo amene sanalankhule pamene unali wotsika.

Ndiponso, abulu ambiri analibe choopa chilichonse. Mu March 1983 anthu a Catholic Commission for Justice and Peace anapereka kwa nduna yaikulu umboni wa zimene zinali kuchitika ku Matabeleland, ndipo atolankhani ena akunja analemba za kuphanako. Chotero nkhaniyo inali yodziŵika. Ngakhale zinali choncho, mu 1984 yunivesite ya Edinburgh inampatsa Robert Mugabe digiri yaulemu, ndipo mu 1994 Britain anampatsa ulemu wachifumu. Ulemu wonsewo anaulanda mu 2007 ndi 2008, ngolo itapita kalekale. Lipoti la bungwe la Chihambakwe, limene boma lenilenilo linaika kuti lifufuze, linatsekeredwa m'kabati. Anthu anayembekeza kufikira 1997 kuti aŵerenge lipoti lina, lokonzedwa ndi bungwe la Akatolika lija pamodzi ndi Legal Resources Foundation, lonena za Matabeleland ndi Midlands.

Apa mpamene mabuku a kugwiritsidwa mwala angavulaze woŵerenga wosasamala. Munthu angatseke buku la Orwell kapena la Koestler ndi kugamula kuti onse ngofanana, kuti wolonjeza aliyense ngwabodza, ndi kuti palibe chifukwa chodzivutitsira. Adzadziona ngati wagalamuka, pamene kwenikweni wangochoka pa kavalo nkukhala bulu. Wonyenga sadera nkhaŵa ndi munthu wotero. Wokhulupirira zonse amamkokera miyala, ndipo wosakhulupirira kanthu samfunsa kumene mkaka wapita. Onse aŵiri amamthandiza. Mwina nchifukwa chake nthanoyo imabwererabe. Mu 2022 NoViolet Bulawayo anatulutsa Glory, nthano ya ziŵeto za dziko lotchedwa Jidada, mmene wolamulira wokalamba ali kavalo. Mu 2023 kagulu ka olemba kotsogozedwa ndi Petina Gappah ndi Tinashe Muchuri kanatulutsa buku la Orwell m'Chishona, pa dzina lakuti Chimurenga Chemhuka. Kutembenuza buku lotero ndi ntchito imene Benjamin akanaichita akanafuna, kuŵerengera ena khoma m'chinenero chimene akumva.

Ana a matchona anali ndi ngolo yawoyawo, ndipo zolembedwa m'mbali mwake zinali m'Chingelezi cha zamalamulo. Mu 2001 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akakane unzika winawo motsatira malamulo a dzikolo, apo ayi anataya unzika wa Zimbabwe. Mwamuna wobadwira m'komboni ya ku Shurugwi, amene sanaonepo Dedza kapena Mangochi, anafunikira kukakana unzika wa Malaŵi umene sanakhalepo nawo. Maofesi ochitira zimenezo anali kutali, ndipo ambiri analibe ngakhale chikalata cha kubadwa. Nthaŵiyo inatha mu January 2002, miyezi iŵiri chisankho cha pulezidenti chisanachitike. Ambiri anadzadziŵa za lamulolo pamene anauzidwa kuti sangavote, kapena pamene mwana wawo anapita kukatenga chitupa nabwera nacho cholembedwa kuti ndi mlendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera kumaiko oyandikana nawo a m'bungwe la SADC. Panthaŵiyo nkuti ng'anjo za ku Redcliff zitazizira zaka zisanu.